Kuchita sewero lakale la Agiriki ndi osewera atatu okha

Masewero achisoni a Agiriki amene tili nawo lero analembedwa ku Athens m'zaka za m'ma 400 BC, ndipo olemba ake ankadziwa kuti oyankhula pabwalo sadzapitirira atatu. Ankachitika pachikondwerero cha mulungu wawo Dionysus, chakumapeto kwa Marichi, m'bwalo limene lili m'munsi mwa phiri la Acropolis. Mbiri imati Thespis ndiye anayamba kutuluka m'gulu la oimba n'kumayankhula ngati munthu wina, cha m'ma 534 BC. Aristotle analemba kuti wolemba masewero Aeschylus anawonjezera wosewera wachiwiri, wolemba mnzake Sophocles n'kuwonjezera wachitatu. Anathera pomwepo. Onse anali amuna, ngakhale pamalo a akazi, ndipo onse ankavala zigoba zophimba mutu wonse.

Gulu lililonse likhoza kupatsa munthu aliyense wa m'sewero wosewera wakewake, sewero n'kuyenda. Koma mukabwerera ku atatu mumaona mmene sewerolo linamangidwira: chifukwa chimene wina amachokera pabwalo msanga, komanso chifukwa chimene nyimbo imagwera pamene yagwerapo.

Yambani ndi pepala, musanaitane aliyense. Lembani mizere itatu yotsika, mzere uliwonse wa wosewera mmodzi, ndipo werengani sewero lonse mukulemba amene walowa, amene watuluka, ndi amene ali pabwalo limodzi. Anthu awiri amene amaonana maso ndi maso sangakhale mumzere umodzi. Titenge Antigone wa Sophocles, amene ali ndi oyankhula asanu ndi atatu. Mfumu Creon amakhala pabwalo nthawi yaitali, choncho mzere woyamba ndi wake yekha. Mlonda akabwera ndi Antigone kwa Creon, atatu akwana. Mlonda uja amachoka, patapita kanthawi Ismene, m'bale wa Antigone, n'kulowa pamene Antigone ndi Creon adakali pompo. Ndiye kuti Mlonda ndi Ismene ndi munthu mmodzi, palibenso njira ina. Haemon, mwana wa Creon, ndi mneneri Tiresias saonana ndi Antigone pabwalo, choncho wosewera Antigone akhoza kutenga malo awo. Apa mpamene pali kukoma: mawu amene omvera amva akutsutsa mfumu m'kamwa mwa mtsikana, adzawamvanso m'kamwa mwa mwana wa mfumuyo, kenako mwa mneneri wakhungu. Wamthenga ndi Eurydice, mkazi wa Creon, amakumana kumapeto, ndiye apatseni mizere yosiyana.

Asilikali, antchito ndi mnyamata wotsogolera Tiresias sali m'chiwerengerochi. Amenewa ankakhalapo, koma sankayankhula. Musawapatse mawu.

Mukatha kugawa, tengani wotchi. Paliponse pamene wosewera akutuluka ngati munthu wina n'kubweranso ngati wina, yesani kuti mawu kapena nyimbo ya pakatipo ikutenga masekondi angati. Nthawi imeneyo ndiyo yosinthira zovala. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti wotsogolera sewero amadula nyimbo za kwaya poganiza kuti zikuchedwetsa nkhani, tsiku loyeserera ndi zovala n'kupeza pabwalo pali zii, wosewera akulimbana ndi lamba kuseri. Dulani nyimbo pokhapokha mutayesa kusinthako. Chovala chamkati chikhale chimodzi, mkanjo wautali wa manja aatali wobisa thupi, ndipo chosintha chikhale chigoba ndi nsalu yapamwamba yokha. Kuseri kukhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kugwira chigoba chotsatira, atachitembenuza kale kuti mutu ungolowa.

Zigoba za Agiriki zinkapangidwa ndi zinthu zopepuka monga nsalu youmitsidwa, ndipo n'chifukwa chake zinawola zonse. Timazidziwa kuchokera pa zithunzi za pa mitsuko ndi ziboliboli. Kupanga zanu sikovuta. Umbani nkhope ndi dongo, yokulirapo pang'ono kuposa ya wovalayo, ndipo ikauma muipake mafuta kuti pepala lisamatirire. Sakanizani kapu imodzi ya ufa wa tirigu ndi makapu awiri a madzi, muthiremo supuni ya mchere kuti chisachite nkhungu. Ng'ambani nyuzipepala ndi manja, osadula ndi sizasi, chifukwa m'mphepete mong'ambika mumagwirana bwino. Matani kanayi kapena kasanu, mukudikira kuti ziume kaye musanamatenso, ndipo komaliza muike nsalu yopyapyala. Mukafulumira, kunja kumauma m'kati muli chinyezi, ndipo chigobacho chimafewa ndi thukuta tsiku loyamba lomwe. Pakamwa pabooledwe poti zala ziwiri zilowe choimirira. Pakachepa, mawu amabwerera m'kati ndipo akumbuyo samva kanthu. Pamphumi ndi m'masaya ikani siponji kuti chigoba chisagwedezeke komanso mpweya uzidutsa.

Chigoba chimalanda wosewera nkhope, choncho omvera sangadziwe amene akuyankhula ngati onse akuyendayenda. Lamulo lake ndi ili: woyankhula ndiye asunthe, enawo aime chilili. Ayankhule atayang'ana kwa omvera, ndipo akafuna kuyang'ana mnzake atembenuze mutu wonse pang'onopang'ono. Kuweramitsa chigoba pang'ono kumaonetsa chisoni, kuchidzutsa kumaonetsa ukali kapena kulimba mtima. Yambani kuyeserera ndi zigoba sabata yoyamba, chifukwa wovala saona m'mbali ndiponso saona mapazi ake, ndiye afunika kuloweza masitepe ake powerenga.

Kwaya ndi imene imadya nthawi yambiri, ndipo ku Athens ndi imene inkadya ndalama. Mzinda unkasankha munthu wolemera kuti alipire maphunziro ndi zovala za oimba. Mu 472 BC amene analipirira kwaya ya Aeschylus anali Pericles, adakali wachinyamata. Oimba anali 12, kenako anafika 15, ndipo ankaimba akuvina motsogozedwa ndi woimba chitoliro cha mapaipi awiri chotchedwa aulos. Nyimbo zake zinatayika kupatula tizidutswa tochepa, choncho mupeka zanu. Musalole anthu 12 kulakatula mawu aatali onse pamodzi, chifukwa zimangomveka phokoso. Agaweni magulu awiri olandizana, lembani chizindikiro pamalo opumira pa pepala la aliyense, ndipo mawu oyankhulana ndi osewera apite kwa mtsogoleri wa kwaya yekha. Kumbukiraninso kuti kwaya ikalowa nthawi zambiri siitulukanso mpaka kumapeto, ndiye konzani pamene idzaime ndi kumene idzayang'ane pamene ena akuyankhula.

Bwalo lovinira lakale la ku Epidaurus, m'dziko la Greece, ndi lozungulira, pafupifupi mamita 20 kuchoka mbali ina kufika ina, ndipo malo okhala amakwana anthu pafupifupi 14,000. Kwa oimba 12, mamita 8 mpaka 10 akwanira. Kumbuyo imikani khoma la khomo limodzi pakati, loimira nyumba ya mfumu, ndipo m'mbali musiye njira ziwiri. Gwirizanani kuti njira ina ikupita mumzinda, ina kuthengo, ndipo musasinthe.

Imfa zisachitikire pamaso pa anthu. Agiriki ankazisiya kuseri, wamthenga n'kubwera kudzafotokoza, ndipo mitembo ankaitulutsa pakhomo lija pathabwa la mawilo lotchedwa ekkyklema. Thabwa la mamita awiri m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, lokhala ndi mawilo anayi a labala, ligwira ntchitoyi mwakachetechete. Wosewera wamthenga mumupatse masiku akeake oyeserera: ayambe ndi mawu otsika, atchule malo ndi anthu mmodzimmodzi, ndipo asakweze mawu mpaka atafika pamene magazi akhetsedwa.