Mwakopera mawu a munthu m'manotsi anu, nanga tsamba lake lili kuti?

Mwezi uno wokha kwabwera ophunzira anayi ku ofesi yanga kuno ku laibulale, onse ndi vuto limodzi. Atatu mwa iwo ndi a masters amene masiku opereka thesis kwa oyesa awayandikira. Si anthu aulesi. Awerenga mpaka maso kufiira, ndipo mmodzi anandionetsa makope awiri odzaza ndiponso fayilo ya Word ya masamba 60 imene anaitcha "notes final". Koma nditaloza chiganizo chimodzi mu chaputala 2, chonena za kuchepa kwa nayitrojeni m'minda yolimidwa chimanga chaka ndi chaka, n'kufunsa kuti anachitenga kuti, anayang'ana kudenga. "Bambo, ndinachiwerenga penapake mu Febuluwale."

Penapake sitingapalembe kumapeto kwa thesis.

Chimene chikuchitika n'choti munthu akatsegula PDF n'kupeza ndime yomusangalatsa, amaikopera n'kuiponya m'fayilo ya manotsi. Wina amajambula pa foni, wina amadzitumizira yekha pa WhatsApp. Dzina la wolemba palibe, chaka palibe, nambala ya tsamba ndiye n'kosayamba. Ngakhale mitengero yosonyeza kuti awa ndi mawu a mwini wake saikapo. Pansi pa ndime ija amalembapo maganizo ake awiri atatu, kenako amaponyaponso ndime ina ya m'pepala lina, zonse mu zilembo zofanana. Ndikamufunsa chifukwa chake, yankho ndi lomwe lija limene ndalimva kwa zaka zambiri: "Ma reference ndidzaika pomaliza."

Pomaliza pamafika patadutsa miyezi 6 kapena 8. Pa nthawiyo buku munalibweza kale ndipo lili ndi wina amene anapita nalo ku field. Fulashi imene munali ma PDF inagwidwa vayirasi pa kompyuta ya pa stationery. Foni ija inabedwa pa depoti, zithunzi zonse zinapita nayo. Mwatsala ndi mawu okoma opanda mwini. Ndaona mtsikana wina atakhala masiku atatu, kugula bandulo kawiri, akulemba zidutswa za ziganizo mu Google Scholar kuti mwina mapepala atatu amene anakoperamo atulukire. Linatulukira limodzi, awiri sanapezeke. Mfundo ziwirizo anazichotsa mu chaputala chake, ndipo imodzi mwa izo ndi imene inkagwira mkangano wake wonse wonena za manyowa a kompositi. Chaputala chinatsala ngati nyumba yochotsedwa mzati.

Koma kumeneko n'kuchepa. Choopsa kwambiri chimachitika m'mutu mwa munthu mwini. Chiganizo ukachiwerenga kasanu m'manotsi ako, chimayamba kumveka ngati unachiganiza wekha. Sukumbukiranso kuti mzere uwu unachita kukopera ndipo mzere wotsatirawo ndi wako. Umachitenga ndi mtima woyera n'kuchiika mu thesis. Kenako ntchito ija imalowa mu Turnitin, pulogalamu yofananitsa zolemba zanu ndi za ena, ndime yonse imatuluka itapakidwa mtundu, mawu ndi mawu kufanana ndi pepala la munthu wa ku Kenya lofalitsidwa zaka 10 zapitazo. Turnitin saweruza kuti wina waba, imangoonetsa pofanana. Oweruza ndi anthu, ndipo supavaiza amene waona ndime zitatu zoterozo sakhulupiriranso ndime zina zonse, ngakhale zimene munazivutikira nokha usiku magetsi atathima. Mnyamata mmodzi mwa anayi aja analira mu ofesi muno. Ndikukhulupirira kuti sanafune kuba. Koma umboni woti sanafune analibe, chifukwa manotsi ake omwewo sankasiyanitsa chake ndi cha eni.

Musaganize kuti izi zimagwera ongoyamba kumene. Mu 2002 katswiri wa mbiri yakale wa ku America, Doris Kearns Goodwin, amene anali atalandira kale mphoto ya Pulitzer, anavomera kuti m'buku lake lina munali ziganizo za olemba ena zopanda mitengero. Iye anafotokoza kuti ankalemba manotsi pamanja ndipo mawu okopera anasakanikirana ndi ake. Chaka chomwecho anatula pansi udindo wake mu komiti yopereka mphotoyo. Ngati dzina lalikulu chotero linadetsedwa ndi manotsi, kuli bwanji inu amene dzina mukulifuna kumene.

Ndiye tiwerengere mtengo wake bwinobwino, poti ena mumaona ngati ndi nkhani ya timadontho ndi makoma basi. Thesis ikabwezedwa, tsiku lopereka limadutsa. Likadutsa, mumalembetsanso semesita ina, ndipo fizi yake amalipira ndi makolo kapena mlongo wanu amene ankaganiza kuti wapuma. Lendi ya kachipinda pafupi ndi koleji imapitirira. Anzanu amavala magauni inu mukadali pa chaputala 2. Amene munapatsidwa tchuthi cha maphunziro ku ntchito mumabwerera ku ofesi opanda pepala, n'kumalemba thesis usiku mutatopa. Zonsezi chifukwa cha masekondi osakwana 20 amene mukanalemba dzina, chaka ndi tsamba pa nthawi imene buku linali lotsegula pamaso panu.

Ndipo munthu akapanikizika amayamba kuchita zimene sakanachita. Ena amapeka nambala ya tsamba, amvekere "ndani akafufuze?" Oyesa akunja ena amafufuzadi, makamaka ngati pepalalo analemba ndi iwo kapena mnzawo. Ena amatenga thesis yakale pa shelefu n'kukopera mndandanda wa mabuku amene sanawagwirepo n'komwe. Chaka chino ndaonanso chatsopano: kufunsa ChatGPT kuti ipereke reference ya chiganizo chosowa mwini. Imapereka ndithu, dzina la wolemba, chaka, jenala, zonse zooneka bwino, koma ukalowa kukafufuza pepalalo nthawi zina kulibe, silinalembedwepo. Pamenepo mlandu wa kusasamala wasanduka mlandu wa bodza.

Nkhani imeneyi imandikumbutsa amalume anga ku Dowa. Ankalima chimanga cha makolo m'munda wa kumtunda, ndipo kumunsi ankadzala haibulidi ya MH18, imene maso ake ndi olimba ngati a chamakolo ndipo amayi ankaikonda chifukwa imakonoleka bwino mu mtondo. Atakolola anasankha zisononkho zabwino za chamakolo, n'kuzitong'ola kuti ikhale mbewu, n'kuiika m'thumba la feteleza lakale. Chimanga cha haibulidi chakudya chinalinso m'matumba omwewo a feteleza. Ndinawauza kuti tilembepo ndi makala. Anandiyankha kuti, "Mphwanga, mbewu yanga ndimaidziwa ndi maso, komanso thumba lake ndaliika pakona." M'mwezi wa Okutobala ana anasuntha matumba pozira nyumba. Mvula itagwa amalume anadzala. Chinamera bwino, anapalira, anathira feteleza wa ngongole. Chitayamba kumasula m'pamene anaona kuti china chatalika, china chafupika, china chikuchedwa. Anali atadzala chokolola cha haibulidi, chimene aliyense amadziwa kuti sichibereka ngati mbewu yoyamba. Mbewu yeniyeni ya makolo inali itapita kuchigayo kalekale. Pa nthawi imene anazindikira, kudzalanso kunali kosatheka, ndipo mtundu wa chimanga umene anausunga kuchokera kwa agogo anachita kukapempha kwa anansi chaka chotsatira.

Chimene chimanditopetsa n'choti zizolowezi zakale tikuzikakamira ngakhale zida zilipo zaulere. Mpaka lero munthu amakhala sabata yathunthu akutaipa mndandanda wa mabuku pamanja, kupendeketsa mitu, kuwerenga makoma. Kenako amamva kuti dipatimenti ikufuna APA 7, mtundu wa 7 wa malamulo a kalembedwe ka ma reference, pamene iye anatsanzira thesis yolembedwa mu APA 6. APA 7 inatuluka mu Okutobala 2019, ndipo inasiya kulemba mzinda umene buku linasindikizidwira, komanso olemba akakhala atatu kapena kuposerapo powatchula mkati mwa chaputala mumalemba dzina la wolemba woyamba lokha ndi et al. (kutanthauza "ndi ena") kuyambira koyamba penipeni. Koma ndikuonabe "London:" ndi "New York:" m'ntchito za chaka chino, umboni woti munthu anangokopera za akale. Ndipo ndinene mosabisa, aphunzitsi ena nawonso amalimbikitsa zimenezi pouza ophunzira kuti "yamba walemba, ma reference ndi zomalizira." Ayi. Reference imalembedwa tsiku limene mwawerenga.

Musanamizirenso kusowa laputopu yabwino. Niklas Luhmann, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku yunivesite ya Bielefeld ku Germany, anasiya timakadi pafupifupi 90,000 tolemba pamanja. Anali ndi bokosi lapadera la timakadi tolembapo za mabuku amene wawerenga, losiyana ndi bokosi la maganizo ake, ndipo kakhadi kalikonse ka maganizo kanali ndi nambala yake. Analibe pulogalamu iliyonse. Anangokana kusakaniza mbewu ndi chakudya.

Ine ndimalangiza kuti manotsi azilembedwa mu text editor wamba, pulogalamu yolembera mawu okha opanda zokongoletsa, osati mu Word. Notepad imene ili kale mu Windows ikukwana, ndipo amene mukufuna zoposerapo pali Notepad++, VS Code kapena Obsidian. Fayilo yotere ndi yaying'ono kwambiri moti manotsi a zaka ziwiri mukhoza kudzitumizira pa imelo ndi bandulo yotsala pang'ono. Imatseguka pa kompyuta iliyonse, yakale kapena yatsopano, pa foni pomwe, sifuna laisensi, ndipo sifuna intaneti. Chofunika kwambiri, mu Notepad++, VS Code kapena Obsidian mukhoza kufufuza liwu limodzi m'mafayilo onse nthawi imodzi. Mulembe "kompositi", mafayilo onse amene munatchulamo kompositi atuluka pamodzi ndi masamba ake.

Tsono kachitidwe kake mwachidule, poti zambiri mukuzidziwa kale. Ikani Zotero, pulogalamu yosungira ma reference, pa laputopu. Ndi yaulere, inayambira ku George Mason University mu 2006. Pepala lililonse lilowe mu Zotero musanayambe kuliwerenga. Ngati lili ndi DOI, nambala ija yoyamba ndi 10., ingoikani nambalayo ndipo zina zonse zimadzaza zokha, koma muziwerengenso chifukwa nthawi zina mutu umabwera m'zilembo zazikulu zokhazokha. Onjezerani mu Zotero kapulogalamu kotchedwa Better BibTeX kuti pepala lililonse likhale ndi kiyi yake, ndipo kuti fayilo ya .bib, yosunga mndandanda wa mabuku anu, izidzikonza yokha mukawonjezera buku. Tiyerekeze kuti wolemba ndi Phiri, chaka 2018: kiyi ikhale phiri2018, ndipo fayilo ya manotsi a pepalalo itchedwenso phiri2018.md. Pepala limodzi, fayilo imodzi. Mawu okopera akhale m'mitengero, ndipo pomwepo mulembe [@phiri2018, p. 45]. Mukafotokoza mfundo yake m'mawu anu, tsekani kaye PDF, lembani, n'kuikanso kiyi ndi tsamba. Maganizo anuanu ayambe ndi "INE:" m'zilembo zazikulu, kuti pakadutsa miyezi 8 musadzafunsenso kuti wolankhula ndani. Tsamba lake likhale losindikizidwa pa pepalapo, osati nambala imene pulogalamu yowerengera PDF ikuonetsa pamwamba. Pepala la mu jenala likhoza kuyambira pa tsamba 211 pamene pulogalamuyo ikuti 1.

Supavaiza adzafuna Word, ndikudziwa. Pandoc, imene anailemba John MacFarlane wa ku Berkeley, ndi pulogalamu imene imasandutsa chaputala chimene mwalemba mu text editor kukhala fayilo ya Word ndi mzere umodzi uwu: pandoc mutu2.md --citeproc --bibliography=mabuku.bib --csl=apa.csl -o mutu2.docx. Mndandanda wa mabuku umadzipanga wokha kumapeto, ndipo dipatimenti ikasintha n'kufuna kalembedwe ka Harvard mumangosintha fayilo ya .csl, imene imanena maonekedwe a ma reference. Amene mzere wotere ukukuopsani, Zotero ili ndi batani lake mu Word, gwiritsani ntchito limenelo polemba machaputala, koma manotsi akhalebe monga ndanenera.

Zotero imasunga mndandanda wanu wonse pa intaneti mukatsegula akaunti, koma malo aulere a ma PDF ndi 300 MB okha, choncho ma PDF muziwasunganso pena. Malipoti a boma ambiri alibe DOI, muwalowetse pamanja. Polemba dzina la bungwe monga National Statistical Office ya ku Zomba, sinthani malo a dzina la wolemba akhale bokosi limodzi. Mukalisiya m'mabokosi awiri, lipoti la kalembera wa 2018 lidzatuluka ngati analilemba munthu wotchedwa "Office, N. S.", ndipo zimenezi ndaziona kale kawiri mwezi uno. Amene manotsi anu asakanikirana kale, bwerani ku laibulale Lachitatu masana, laputopu ili yotchaja, ndipo mutenge ma PDF onse amene akadalipo kuti tiyambe ndi chaputala 2.