Momwe mungayesere njira yowotcherera musanakonze chitsulo chochindikala

Chimango cha galimoto yonyamula malasha ku Moatize, m'dziko la Mozambique, chikang'aluka, kungotenga rodi n'kutseka mng'aluwo sikuthandiza. Chitsulo cha mamilimita 30 kapena 40 chimameza kutentha msanga, pambali pa powotcherera pamauma ngati mwala, ndipo pakapita masiku awiri mng'alu wina umatuluka. N'chifukwa chake eni ntchito amafuna kaye pepala la WPS, lofotokoza njira yowotcherera, lotsimikizidwa ndi mayeso, motsatira malamulo a mayeso otchedwa ISO 15614-1 kapena ASME IX.

Yambani ndi kudziwa chitsulocho kuchokera pa satifiketi yake. S355, chitsulo chomangira, si chimodzimodzi ndi Hardox, chitsulo chosaperepeseka msanga: Hardox mukaipitirira madigiri 225 pakati pa mizere yowotcherera, kulimba kwake kumachepa.

Dulani zidutswa ziwiri za chitsulo chomwecho, chilichonse mamilimita osachepera 350 m'litali ndi 150 m'lifupi. Pa ISO 15614-1, kuyesa pa mamilimita 30 kumakulolani kuwotcherera kuyambira 15 mpaka 60.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Amayesa pa chitsulo chatsopano, chaukhondo, chogona pa tebulo, pamene ntchito yeniyeni ndi ya chitsulo chomwe chinawotcheredwapo kale, chomangika mbali zonse. Chidutswa choyesera, chomwe ndi ziwiri zija zitalumikizidwa, chifanane ndi ntchitoyo. Chimangireni kuti chisapindike, wotchererani, kumbani ngalande ndi mpweya ndi rodi ya kaboni monga mudzakumbire mng'aluwo, peretsani ndi galayinda mpaka kaboni yense achoke, kenako wotchereraninso. Ngati kuntchito mudzawotcherera chokwera, yesaninso chokwera.

Tenthetsani chitsulo musanayambe. Pa S355 yochindikala chonchi ambiri amafika madigiri 100 mpaka 150, koma nambala yeniyeni imatengera kaboni wa m'chitsulocho. Pimani mamilimita 75 kuchokera pa ngalande, makamaka kuseri kwa komwe mwaika moto. Dzuwa la ku Tete m'mwezi wa Okutobala lisakupusitseni. Chitsulo chotentha m'manja sichinafike n'komwe pa 100.

Ma rodi a E7018 amayamwa chinyezi, ndipo chinyezicho ndicho chimalowetsa mpweya wa hydrogen wong'alula chitsulo. Aumitseni pa madigiri 300 mpaka 350 kwa maola awiri, n'kuwasunga mu uvuni pa 120. Rodi yomwe yagona panja m'dzinja musaikhulupirire.

Wina aime pambali ndi cholembera. Pa mzere uliwonse alembe ma ampeya, ma voti, kukula kwa rodi, utali womwe wayenda pa mphindi, ndi kutentha kwa chitsulo mzere wina usanayambe. Alembe zomwe makina akuonetsa, osati zomwe munafuna.

Mukamaliza fundani chidutswacho chizizire pang'onopang'ono, n'kudikira maola 48, chifukwa ming'alu ya hydrogen imachedwa kuonekera. Kenako chiunikidwe ndi maso, ndi maginito, ndiponso ndi makina a ultrasonic ofufuza ming'alu ya m'kati. Ku labotale amadulamo zidutswa ziwiri zokoka mpaka kuduka, zinayi zopinda cham'mbali, zomenya poyesa ngati chitsulo chimathyoka msanga (mayeso a Charpy), ndi chimodzi choonera m'kati ndi kupima kuuma. Pa S355 kuuma kusapitirire 380 pa muyeso wa kuuma wa HV10. Kukapitirira, ndiye kuti kutenthetsa kunachepa kapena mizere inali yaing'ono kwambiri. Konzani pamenepo, muyesenso chidutswa china.

Zikadutsa, zotsatirazo zimalembedwa mu PQR, pepala la umboni wa mayesowo, ndipo WPS imachokera mmenemo. Mukasintha mtundu wa chitsulo kapena wa rodi, kapena kutsitsa kwambiri kutenthetsa, mayeso amayambanso. Wowotcherera aliyense ayesedwenso payekha motsatira malamulo oyesera owotcherera a ISO 9606-1.