Mmene mungasungire zimene akuluakulu athu amakumbukira za sitima za pa chionetsero cha ku Joni

Pakati pa Amalawi amene tikukhala mu Johannesburg atsalamo akuluakulu ochepa amene analowa mumzinda uno pa sitima yapamtunda, ndipo ena mwa iwo akayamba kusimba za unyamata wawo amatchula tsiku limene anaona injini ya sitima itaimikidwa pa chionetsero, yopukutidwa mpaka kunyezimira, yosiyana kutali ndi ija yodetsedwa ndi utsi wa malasha imene inawabweretsa. Nkhani zoterezi n'zofunika kuzijambula eni ake akadali moyo, ndipo ntchitoyi imangofuna foni, kope ndi kuleza mtima.

Musanakhale nawo pansi, dziwani kuti angakhale akunena chionetsero chiti. Chachikulu chimene chinasonkhanitsa mayiko ambiri chinali Empire Exhibition, chimene chinachitikira ku Milner Park kuyambira mu Sepitembala 1936 mpaka mu Januwale 1937, pamene mzindawu unkakwanitsa zaka 50. Munthu amene anachiona ndi maso ake wapitirira zaka 90 tsopano, choncho agogo anu akachitchula, mwina akubwereza zimene anamva kwa bambo awo, ndipo muyenera kulemba kuti nkhaniyo ndi yongomva. Ambiri amakhala akunena Rand Easter Show, imene inkachitikira pamalo omwewo chaka ndi chaka mpaka 1984, isanasamukire ku Nasrec. Nsanja yotchedwa Tower of Light, imene inamangidwira chionetsero cha 1936, ikadalipo pa yunivesite ya Wits, ndipo kuwaonetsa chithunzi chake kumathandiza kuti atsimikize malowo.

Tsiku locheza likafika, pemphani chilolezo musanayatse foni, ndipo muwauze amene adzamve mawu awowo. Musayambe ndi funso la chaka, chifukwa limachititsa munthu wamkulu manyazi akalephera kuliyankha, ndipo macheza amazizira pomwepo. Yambani ndi zimene thupi limasunga: “Agogo, munapita ndi ndani tsiku limenelo? Munavala chiyani? Anakulolani kukhudza injiniyo kapena munangoionera patali?” Funso lomalizali ndi limene ndimaliona kuti ndi lolemera koposa, pakuti inali nthawi ya tsankho, pamene anthu akuda ankakwera mabogi awoawo ndi kudikirira sitima pamalo awoawo, moti munthu ankatha kugoma ndi bogi yokongola ya pa chionetsero akudziwa kuti saloledwa kukhalamo. Akafika pamenepa n'kukhala chete, inunso khalani chete, foni izijambulabe.

Nkhani ya chionetsero siichedwa kulowerera ku ulendo wobwera kuno, ndipo musaibweze. Ambiri amene analembedwa ntchito ya m'migodi ndi bungwe la Wenela ankanyamuka pa ndege ku Malawi mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kenako n'kukwera sitima mpaka ku Joni. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa kwa zaka zingapo kulemba anthu ntchito kumeneku, choncho kufunsa ngati anabwera ngoziyo isanachitike kapena itachitika kumakupatsani nyengo popanda kuwapanikiza ndi manambala. Akasokoneza zaka kapena mayina a masiteshoni, musawakonze akulankhula. Lembani chizindikiro m'kope, mudzafufuze panokha pambuyo pake.

Ngati miyendo ikuwalola, atengeni mupite nawo ku James Hall Museum of Transport, mu Rosettenville Road, imene inatsegulidwa mu 1964 ndipo imasunga magalimoto akale, matiramu (tisitima toyenda m'misewu ya mumzinda) ndi makina oyendera nthunzi. Yambani mwafunsa masiku amene amatsegula kuti mkuluyo asayende ulendo wachabe. Pobwerera mungadzere pa mlatho wa Nelson Mandela, pamene mungathe kuona denga lachitsulo la siteshoni yakale ya sitima ya Park Station limene linaimikidwa ku Newtown. Chitsulo chikakhala pamaso pawo amakumbukira zambiri zimene sakanazinena ali pampando kunyumba, ndipo amene anakwerapo sitima ya ku Limbe kapena ku Salima amasangalala kumva kuti njanji za kwathu ndi za kuno n'zofanana m'lifupi, mamilimita 1,067.

Mukabwerera, lembani mawuwo sabata lomwelo, monga mmene anawalankhulira, osachotsa mawu a Fanakalo kapena a Chizulu amene anawatola ku mgodi, koma muwafunse tanthauzo lake n'kulilemba pambali. Pamwamba pa tsamba ikani tsiku, malo amene munachezera ndi dzina la mudzi wa kwawo. Mawu ojambulidwawo musawasiye m'foni imodzi yokha, chifukwa foni imatayika kapena kuwonongeka. Asungeni pa kompyuta, muwatumizenso kwa m'bale mmodzi wodalirika kumudzi, ndipo kope lolembedwalo mukawawerengere agogowo kuti akonze okha pamene simunamve bwino.