Kuwotcherera lole yakale: yambani ndi madontho

Lole imene ndikukonza inakhala zaka zambiri osayenda, ndipo dzimbiri linadya pansi pa zitseko ndi pamene woyendetsa amaponda. Ndinali ndisanagwirepo makina owotcherera. Ndinayamba ndi makina a marodi, rodi ya mtundu wa 6013 ya mamilimita 2.5, ndipo pa chitsulo chokhuthala inkagwira bwino. Nditayesa pa bodi, inangoboola. Chitsulo cha bodi n'chopyapyala, pafupifupi milimita imodzi, sichipirira moto wotere. Pa ntchito imeneyi pezani makina a MIG (amene amatulutsa okha waya wowotcherera m'malo mwa rodi), waya wa mamilimita 0.6, ndi gasi wosakaniza argon ndi carbon dioxide.

Musanakhudze galimoto, phunzirani pa zidutswa zotayidwa zokhuthala mofanana ndi bodi yanu. Ine ndinatha milungu iwiri ndikulumikiza tizidutswa, kenako n'kumatipinda ndi nyundo kuti ndione ngati tagwiranadi. Muzitembenuza chidutswa n'kuona kuseri. Ngati kulibe chizindikiro chakuti chitsulo chinasungunuka mpaka kumeneko, mwangopaka pamwamba ndipo chidzathyoka. Khutu nalonso limathandiza: makina akachunidwa bwino amalira mosalekeza ngati mafuta otentha m'chiwaya.

Tsopano pa galimoto. Chotsani batire. Chotsani mipando, makapeti ndi mawaya ali pafupi, ndipo ngati mukugwira kufupi ndi thanki ya mafuta, itulutseni, ngakhale ikhale yopanda kanthu, chifukwa mpweya wotsalamo ndi umene umaphulika. Dulani dzimbiri lonse mpaka mufike pa chitsulo chowala. Apa musaumire. Ndinasiyapo kachigawo kooneka ngati kabwinobwino, ndipo moto utangofikapo kanasungunuka. Jambulani bowolo pa katoni, dulani chigamba molingana, ndipo waya wa efi, umene umabwezera magetsi ku makina, muumangirire pa chitsulo choyera pafupi ndi pamene mukuwotcha.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: pa bodi sitiwotcherera mokoka mzere wautali, timawotcherera timadontho. Ikani dontho limodzi pakona, lina kutsidya, lina pakati. Dikirani mpaka muthe kugwirapo ndi dzanja. Kenako onjezani madontho pakati pa oyamba aja, mukudumphadumpha, mpaka onse akumane n'kukhala mzere. Chigamba chonga chikhatho chimatha kunditengera ola lathunthu, koma chitseko chimakhala chowongoka. Mukafulumira, chitsulo chimapindika ngati mafunde, ndipo kuchiwongola n'kovuta kuposa kuwotcherera kumene. Pakabooka, ikani chidutswa cha kopa kuseri. Chimamwa kutentha ndipo sichimamatira, ndiye mumatseka bowo mosavuta.

Maso anu muwasamale. Kuwala kwa moto umenewu kumawotcha maso, ndipo ululu umabwera usiku, ngati wina wathiramo mchenga. Valani helemeti yowotcherera nthawi zonse, magolovesi achikopa, ndi zovala zathonje, osati za nayiloni. Chitsulo chokutidwa ndi zinki chimatulutsa utsi wodwalitsa, choncho chipaleni kaye ndipo gwirani pamalo opita mphepo. Mukamaliza musachoke msanga. Kamoto kamatha kubisala m'kati mwa chitseko.

Chasisi komanso pomwe pamamangiriridwa masipiling'i ine sindinakhudze. Pamenepo pali miyoyo ya anthu, ndipo ndinaitana mmisiri wodziwa.

Pomaliza salazani ndi girayinda pang'onopang'ono, chifukwa nayonso imatenthetsa chitsulo. Pakani pulayima, penti yoyamba yoteteza ku dzimbiri, tsiku lomwelo, mbali zonse ziwiri, makamaka kuseri kumene madzi amakhala.