Momwe mungasankhire midzi yolowa mu pulojekiti yolimbana ndi chilala kuno ku Mulanje

Pulojekiti ikabwera ndi ndalama zongokwana midzi yochepa pomwe mfumu iliyonse ikuyifuna, mkangano umayambira pa mndandanda. Ndikulembera inu a ADC (komiti ya chitukuko ya dera), a VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), alangizi ndi a mabungwe amene mwasenzetsedwa ntchito yosankhayi. Chinthu chimodzi chilowe kaye m'mutu, iyi si ntchito yogawa chimanga ayi. Chimanga cha nthawi ya njala chili ndi njira yake kudzera ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, potsatira lipoti la MVAC, komiti yomwe imafufuza za anthu omwe ali pa chiopsezo cha njala. Apa tikukamba za maswale (ngalande zokola madzi a mvula m'munda), mthirira, mbewu zopirira ng'amba, mitengo, zinthu zoti mudzi uzigwire zaka zingapo, ndiye mudzi woyenera ndi womwe ukuvutikadi komanso ungathe kupitiriza galimoto ya bungwe ikasiya kubwera.

Choyamba: yang'anani mvula, osati dzina la boma

Anthu akutali akamva Mulanje amangoona tiyi wobiriwira ndi mtambo pa Sapitwa, amaganiza kuno chilala kulibe. Koma mvula ya ku Lujeri ndi Muloza si yofanana ndi ya kuchigwa cha Thuchila, mbali za kwa Juma ndi kwa Nkanda kumauma msanga. Pitani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) mukapemphe mabuku a mvula a zaka zam'mbuyo, ndipo musangowerenga kuchuluka kwa mvula ya chaka chonse, fufuzani kuti inadula masiku angati mu Januwale ndi Febuluwale pomwe chimanga chimakhala chikumasula, poti ng'amba ya masabata awiri kapena atatu nthawi imeneyo imapha munda ngakhale mvula ya chaka chonse ioneke yambiri pa pepala. Zaka ziwiri za El Niño, kusintha kwa nyengo komwe kumabweretsa ng'amba kuno, zikuthandizeni poyeza, 2015/16 ndi 2023/24, chaka chija pulezidenti wa nthawiyo Chakwera analengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Dera lomwe linapsa zaka zonse ziwirizo lilembeni pamwamba.

Chachiwiri: funsani amene ali kale m'deralo

Izi nzachidule. Kaonekereni ku DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe kukhonsolo, mudziwe komwe kuli kale pulogalamu ya boma ya Mbwezera Chilengedwe kapena mabungwe ena, muonenso kaundula wa mabanja wa UBR uja amagwiritsa ntchito pa Mtukula Pakhomo. Midzi ya m'mbali mwa tala imakhala ndi zikwangwani za mabungwe zitatu zinayi pomwe ya kuseri kwa mtsinje ilibe ngakhale chimodzi.

Chachitatu: gwirizanani mfundo mayina asanatchulidwe

Apa ndi pomwe makomiti ambiri amagwera. Mukangoyamba ndi funso loti tisankhe mudzi uti, aliyense amakokera kwawo, a khansala kwawo, a gulupu kwawo, ndipo msonkhano umatha anthu atatupa. Ndiye lembani kaye pa fulipitchati zomwe muyezere: mbewu zimapsa kangati, madzi akumwa ali kutali bwanji mu Okutobala, chakudya chimatha mwezi uti, mabanja oyendetsedwa ndi amayi okha kapena agogo ndi ochuluka bwanji, pali dambo kapena mtsinje wosaphwa, komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi VDC zimakumanadi kapena zilipo dzina lokha. Aliyense avomere, asayine, kenako ndiye mayina abwere. Popereka mamakisi gwiritsani ntchito timiyala kapena nandolo, aliyense aziponya pa dzina la mudzi anthu akuona, osawerenga nawonso amatha kutsatira bwinobwino.

Chachinayi: pitani wapansi, nthawi yake ikhale yachilimwe

Mudzi wa mu Epulo umanamiza, paliponse pamakhala pobiriwira. Pitani mu Okutobala kapena Novembala. Imani pa mjigo m'mawa muone mzere wa zigubu ndi ndowa, mumve ngati chogwirira chikulira mopanda kanthu kangapo madzi asanatuluke, mutsikire kumtsinje muone maenje omwe amayi akumba mumchenga nkumatunga ndi kapu. Funsani kuti chimanga cha chaka chatha chinatha liti, mbuzi anagulitsa mwezi uti, azibambo angati anawolokera ku Mozambique kukachita ganyu, ana akudya kangati. Amayi muwafunse paokha, pamaso pa amfumu ambiri amangoti zili bwino kapena amangovomera zomwe wanena woyamba. Komanso dziwani kuti anthu anachenjera, akaona galimoto yolembedwa dzina la bungwe matumba amabisidwa kuchipinda, ndiye zomwe mwauzidwa muziyerekeze ndi zomwe akudziwa mlangizi, a zaumoyo a m'mudzi (HSA) ndi ahedi a pasukulu, amenewa amadziwa mwezi womwe ana amayamba kujomba chifukwa cha njala.

Chachisanu: sankhani motsata madzi

Madzi sadziwa malire a nyakwawa. Mukasankha mudzi wakumunsi wokha nkusiya wakumtunda komwe mitengo ikuthera ku makala, maswale anu adzakwiririka chaka choyamba chomwe. Tengani midzi yogundana yomwe ili pa khwawa limodzi kuyambira kumtunda, ngakhale wina mwa iyo mamakisi ake achepa pang'ono. Kuno musaiwalenso kuti mudzi womwewo umapsa ndi dzuwa chaka chino nkudzakokoloka chaka chinacho, namondwe Freddy mu Malichi 2023 anasiya minda ina ili mchenga ndi miyala yokhayokha, ndipo nthaka yotero siisunga chinyezi, ng'amba ikangobwera imayambira pomwepo.

Chachisanu ndi chimodzi: nkhani ya malo

Iyi ambiri amaidumpha koma ku Mulanje ndi ku Thyolo ndi yaikulu, maesiteti anatenga malo ambiri ndipo timinda ta anthu ndi tating'ono. Funsani kuti olima ambiri munda ndi wawo kapena ndi wa lendi, poti wobwereka sangakumbe swale kapena kudzala mtengo pamunda woti chaka chamawa mwini wake atha kumulanda. Kwathu kunonso ndi kwa chikamwini, munda umatsata kuchikazi, ndiye mukangokambirana ndi azibambo okha mwakambirana ndi alendo, itanani amayi eni minda ndi amalume a mbumba. Ngati mukufuna sikimu ya mthirira, eni dambo avomere molemba amfumu ndi a ADC akuchitira umboni, pampu ya sola isanagulidwe, osati pambuyo.

Chomaliza: lengezani poyera

Zotsatira zikawerengedwe pabwalo, midzi yomwe yalephera ikhaleponso, muwauze mamakisi awo ndi chifukwa chake. Ena adzakwiyabe, palibe chochitira, koma kukwiya ukudziwa chifukwa kumasiyana ndi kumva mphekesera zoti amfumu akuti anapereka nkhuku. Ikani bokosi la madandaulo pasukulu kapena pachipatala, osati pakhomo pa mfumu, mupereke masiku oti anthu adandaule mndandanda usanapite kukhonsolo. Sungani midzi iwiri itatu yodikirira poti pena wosankhidwa umadzakana ntchito ukamva kuti mulibe alawansi. Maminitsi onse ndi mapepala a mamakisi muwajambule pafoni, kope ina kwa ADC ina kukhonsolo, chifukwa nyengo ya kampeni ikafika padzapezeka wina wofuna kulowetsa mudzi wake pakati.