Malangizo a Kindle Paperwhite ya 2021: zofunika kuona musanalipile komanso kasamalidwe kake

Malangizo awa ni a Kindle Paperwhite (cipangizo cowelengelapo mabuku) imene kampani ya Amazon inatulutsa mu 2021, ya sikilini ya mainchesi 6.8. M'bokosi mumapezeka Kindle na nthambo ya USB-C cabe. Chaja ya kukhoma mulibe, koma ya foni yanu ingagwile nchito. Chaja ya mawati 9 imadzaza batile pa maola osakwana awili na hafu, koma mukachajila ku laputopu zimatenga pafupifupi maola 5. Kanyali ka munsi kamaoneka ka olenji pochaja, ndipo batile ikadzala kamasanduka kobiliwila.

Ngati mukugula yogwilapo kale nchito, musapeleke ndalama musanacite izi. Yatsani hotspot pa foni yanu, lumikizani Kindle, ndiyeno pitani ku Settings n'kuona dzina limene lili pa akaunti. Ngati pali dzina la munthu wina, mwiniwake asindikize Deregister (kucotsa akaunti yake) inu mukuona. Pambuyo pake lowetsani akaunti yanu ya Amazon pamenepo. Kindle imene mwiniwake anauza Amazon kuti inasowa kapena inabedwa imakana kulembetsedwa, ndipo wogulitsa sangakuthandizeni mukafika kale kunyumba. Nambala ya cipangizoci ili mu Device Options, pa Device Info. Ilembeni penapake.

Mukatelo, onani sikilini mosathamanga. Tsegulani tsamba lopanda mau ambili, kwezani kuwala mpaka pothela, ndipo yang'anani m'makona monse ngati muli madontho akuda kapena malo owala kuposa ena. Mizela imene siicoka ngakhale mutatembenuza tsamba ikusonyeza kuti galasi la mkati linasweka, ngakhale kunja kukuoneka bwinobwino. Imeneyo isiyeni. Koma mthunzi wa malemba a tsamba lapita suli vuto: ni mmene sikilini ya mtundu umenewu, yochedwa E Ink, imacitila, ndipo umatha mukayatsa Page Refresh mu Reading Options.

Pa nkhani ya batile, Amazon imati imakhala milungu 10. Ciwelengelo cimeneci n'ca munthu wowelenga mphindi 30 pa tsiku, Wi-Fi ili yozima, kuwala kuli pa 13. Wowelenga usiku wonse asayembekezele zimenezo. Ngakhale n'telo, malaiti akapita laputopu imazima pa maola ocepa pamene Kindle ikali na moto wa masiku ambili, cifukwa sikilini yake imadya batile pokhapo posintha tsamba. Zimene zimamaliza moto ni nyali na Wi-Fi. Conco ngati simukutsitsa buku, yatsani Airplane Mode.

Poika mabuku anu pali njila ziwili. Kupitila mu Send to Kindle, njila ya Amazon yotumizila mafayilo ku Kindle, mungatumize EPUB (mtundu wa fayilo ya buku), PDF kapena fayilo ya Word, koma pamafunika intaneti. Njila ina ni kulumikiza nthambo ku laputopu n'kukopela fayilo mu foda ya documents. Mwa njila imeneyi PDF imatseguka, koma EPUB siioneka n'komwe.

Apa tikucenjezeni, makamaka ana a sukulu na makolo amene akuwagulila. Kindle ni yabwino pa mabuku a malemba okhaokha, cifukwa mumakulitsa zilembo mmene maso anu afunila ndipo mumawelenga bwino ngakhale padzuwa. Koma PDF ya kukula kwa A4, monga mapepala akale a mayeso kapena manotsi okhala na matebulo na mapu, imaoneka ing'onoing'ono kwambili, ndipo kuikulitsa na zala kumacedwa. Mitundu iliyonse imasanduka yakuda na yotuwa. Ngati zimene mumawelenga kwambili ni zotelo, ndalama yanu ipite ku laputopu.

Kindle imeneyi imapilila madzi opanda mcele akuya mamita 2 kwa mphindi 60. Ikanyowa, ipukuteni, ndipo musaichaje mpaka polowetsa nthambo pataumilatu. Inapangidwa kuti izigwila nchito pa madigili 0 mpaka 35, conco m'mwezi wa October musaisiye m'motoka yotseka mawindo kapena pa windo lowomba dzuwa.

Ikauma n'kuleka kuyankha, sindikizani batani loyatsila kwa masekondi 40 osaleka, ndiyeno isiyeni iyake yokha. Mabuku anu sadzafufutika. Reset ndiyo imafufuta zonse, conco muziigwilitsila nchito pokhapo pamene mukugulitsa Kindle kapena kupatsa wina.