Mmene mungayezere sheya musanagule: tekinoloje, mafuta ndi misika yakunja

Munthu wogula masheya (magawo a umwini wa kampani) potsata phindu lenileni la kampani amayamba ndi funso limodzi: kodi bizinesi imeneyi ingabweretse ndalama zingati m'zaka zikubwerazi, ndipo kodi mtengo umene msika ukufuna lero uli pansi pa zimenezo mokwanira? Benjamin Graham, yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Columbia ku New York, ankalangiza kuti pakati pa mtengo wogulira ndi mtengo woyenera pazikhala mpata waukulu, kuti ngakhale mutalakwitsa powerengera musagwe chagada. Njira imeneyi imayenda bwino pa kampani yopanga sopo kapena simenti, koma imafuna kusamala kwambiri pa tekinoloje, pa mafuta ndi magetsi, komanso pa misika ya mayiko ena, chifukwa kumeneko phindu lolembedwa mu lipoti kawirikawiri si limene lidzafike m'manja mwanu.

Yambani ndi lipoti la pachaka la kampaniyo, osati zimene anthu akunena za iyo, ndipo pitani pa tsamba losonyeza kalowedwe ndi katulukidwe ka ndalama. Pa ndalama zimene zalowa kuchokera ku malonda, chotsanipo zimene zapita ku makina, nyumba ndi zipangizo. Zotsalazo ndizo zimene eni masheya angagawane popanda kufooketsa kampani. Werengerani zimenezi kwa zaka zisanu mpaka khumi, pakuti chaka chimodzi chokha chikhoza kukupusitsani. Mukatero, yerekezani zotsalazo ndi mtengo wa masheya onse a kampaniyo pamsika, mutaphatikizapo ngongole zake ndi kuchotsapo ndalama zimene yasunga. Ngati kampani ikugulitsidwa madola 100 biliyoni ndipo imatsala ndi madola 6 biliyoni pachaka, ndiye kuti ikukupatsani 6 peresenti. Ikamapereka 2 peresenti yokha pamene mabondi (zikalata za ngongole) a boma la America akupereka 4, dziwani kuti mukulipira kukula kumene sikunachitike, ndipo muyenera kukhala ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti kudzachitikadi.

Pa tekinoloje, vuto silikhala kudziwa ngati luso latsopano lidzasintha dziko. Vuto ndi mtengo umene mukulipira podziwa zimenezo. Pa 10 Marichi 2000 mlingo wa Nasdaq, msika wa masheya wa ku America wokhala ndi makampani ambiri a tekinoloje, unafika pa 5,048, koma pofika Okutobala 2002 unali utatsika ndi pafupifupi 80 peresenti, ndipo sunabwererenso pamenepo mpaka 2015. Amene ankanena kuti intaneti idzalowa paliponse sanalakwitse ayi, komabe ambiri anataya ndalama. Microsoft inapitiriza kuchulukitsa phindu m'zaka zonsezo, koma sheya yake inadikira mpaka 2016 kuti ipitirire mtengo wa mu 1999. Kampani yabwino yogulidwa modula imakusungitsani ndalama pachabe zaka zambiri.

Pamene mukuwerenga lipoti la kampani ya tekinoloje, fufuzani kuchuluka kwa malipiro a antchito amene amaperekedwa ngati masheya. Makampani ambiri amasonyeza phindu asanachotsepo malipiro amenewa, ngati kuti sawononga kanthu, chikhalirecho masheya atsopano aliwonse amachepetsa gawo lanu. Achotseni nokha, ndipo onaninso ngati chiwerengero cha masheya onse chikukwera kapena kutsika chaka ndi chaka. Masiku ano makampani akuluakulu akuthira ndalama zankhaninkhani pomanga nyumba za makompyuta oyendetsa AI (nzeru zopangidwa ndi makompyuta), choncho yang'anani zaka zimene kampani yalemba kuti makompyutawo adzagwira ntchito: ikawonjezera zakazo papepala, mtengo wa makompyutawo umagawidwa pa zaka zambiri ndipo phindu limaoneka lokwera pomwe palibe kasitomala watsopano amene wabwera.

Funso lovuta koposa ndi lakuti kasitomala angachoke mosavuta bwanji. Mu 2007, chaka chimene iPhone inatuluka, Nokia inkagulitsa pafupifupi mafoni anayi mwa khumi alionse padziko lapansi, koma mu 2014 bizinesi yake ya mafoni inali itagulitsidwa kwa Microsoft. Pamene Berkshire Hathaway, kampani ya Warren Buffett, inayamba kugula masheya a Apple mu 2016, mtengo wake unali wongopitirira pang'ono phindu la pachaka kuchulukitsa ka 10, ndipo chokopa chachikulu chinali chakuti anthu ozolowera iPhone sasintha wamba. Mwa kuona kwanga, ngati simungathe kufotokoza m'ziganizo ziwiri chimene chidzasunge makasitomala a kampani zaka khumi zikubwerazi, sheyayo ipitirireni, ngakhale aliyense akuitamanda.

Makampani a mafuta ali ndi msampha wosiyana. Sheya yawo imaoneka yotchipa kwambiri pa nthawi imene ili yoopsa, chifukwa mafuta akakwera phindu limafufuma ndipo mtengo wa sheya umaoneka wochepa poyerekeza ndi phindulo. Mu Julayi 2008 mgolo umodzi wa mafuta unafika pa madola 147, ndipo mu Disembala chaka chomwecho unali pansi pa madola 40. Buffett yemweyo anavomera kwa eni masheya ake kuti anagula masheya ambiri a kampani ya mafuta ya ConocoPhillips mitengo ya mafuta ili pafupi ndi pachimake. Mu Epulo 2020 zinafika poipa, moti kwa tsiku limodzi mtengo wa mafuta a ku America otchedwa WTI unatsika kupitirira ziro, popeza malo osungiramo anali atatsala pang'ono kudzaza. Choncho musawerengere phindu ndi mtengo wa lero. Tengani mtengo wapakati wa zaka zambiri, muone ndalama zimene kampani imawononga potulutsa mgolo umodzi, kenako mudzifunse ngati ingathe kubweza ngongole zake mafuta atatsika ndi theka kwa zaka ziwiri. Onaninso zaka zimene mafuta otsala m'zitsime zake angatenge asanathe, ndi ndalama zimene idzafunika potseka zitsime zakale, pakuti imeneyo ndi ngongole ngakhale siitchedwa choncho. Zitsime za mafuta a m'miyala ya shale zimaphwa msanga ndipo zimafuna kukumba kosalekeza. Chesapeake Energy, imodzi mwa makampani otchuka pa ntchito imeneyi, inalephera kubweza ngongole mu Juni 2020.

Pa magetsi a dzuwa phunziro lake ndi lalifupi: mitengo ya mapanelo inatsika kwambiri m'zaka za m'ma 2010, zomwe zinakomera ogula, koma opanga ena akuluakulu anagwa, monga Q-Cells ya ku Germany mu 2012. Kukula kwa msika ndi phindu la eni masheya ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Misika yakunja imakopa chifukwa nthawi zambiri masheya ake amakhala otchipa kuposa a ku America, koma musanatengeke, werengerani mphamvu ya ndalama ya dzikolo. Sheya ikakwera ndi 15 peresenti pamene ndalama ya kumeneko yagwa ndi 20 peresenti poyerekeza ndi imene inu mumagwiritsa ntchito, mwataya 8 peresenti. Mu Ogasiti 2020 Berkshire inalengeza kuti yagula zopitirira pang'ono 5 peresenti mu kampani iliyonse mwa makampani asanu a malonda a ku Japan, omwe ndi Itochu, Marubeni, Mitsubishi, Mitsui ndi Sumitomo, ndipo inabwereka ndalama mu yen, ndalama ya ku Japan, pa chiwongoladzanja chochepa kuti kugwa kwa yen kusaipweteke. Munthu wamba alibe mwayi wobwereka motero, choncho chitetezo chake ndi kufuna mpata wokulirapo pa mtengo. Japan yomweyo imasonyezanso kuti msika wonse ukhoza kudula mopyola muyeso: mlingo wa masheya a kumeneko wotchedwa Nikkei unafika pa 38,915 mu Disembala 1989 ndipo unadzaupitirira mu Febuluwale 2024.

Dziwaninso chimene mukugula kwenikweni. Wogula ku New York sheya ya Alibaba, kampani ya malonda a pa intaneti ya ku China, amakhala ndi gawo mu kampani yolembetsedwa ku Cayman Islands, imene mbali ina ya bizinesi ya ku China imailamulira kudzera m'mapangano chabe. Mu 2022 alendo ambiri amene anali ndi masheya a ku Russia anapezeka kuti sangathe kuwagulitsa, ngakhale kuti makampaniwo ankapangabe phindu. Fufuzani amene ali ndi mavoti ambiri mu kampani, kaya ndi banja limodzi kapena boma, ndi mmene achitira ndi eni masheya ang'onoang'ono m'mbuyomu. Musaiwale msonkho: America imadula 30 peresenti pa madividendi (phindu logawidwa kwa eni masheya) opita kwa alendo, pokhapokha dziko lawo litakhala ndi pangano la msonkho lochepetsa zimenezo.

Musanalipire, lembani papepala mtengo umene mukuona kuti ndi woyenera, mtengo wotsika umene mungagulire, ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zikachitika mudzavomere kuti kuwerengera kwanu kwalephera. Ikaninso malire a ndalama zimene zingapite ku kampani imodzi, ku gawo limodzi ndi ku dziko limodzi, ndipo lipoti latsopano likatuluka, liwerengeni pepala limenelo lili pambali.